Kudzidziwa: nchito yoyamba ya mtsogoleri wa kalasi

Caka ciri conse makalasi a akulu akamatsegulidwa, maina amadzaza m'kaundula. Pakapita miyezi itatu, makalasi ena amatsala ndi anthu owerengeka, pamene ena amakhala odzazabe mpaka ophunzira ena kukhala pakhomo. Tikafunsa cifukwa cake, yankho silicedwa: kumunda, maliro, matenda, msika, amuna oletsa akazi awo. Zonsezi n'zoona ndithu. Koma minda, maliro ndi misika ziri m'mudzi uli wonse, ndipo buku lophunzitsira ndi limodzimodzi. Cimene cimasiyana kawirikawiri ndi munthu amene waima kutsogolo, ndi momwe amakhalira ndi anthu ake.

Munthu wamkulu akakhumudwa m'kalasi sadandaula ai. Mwana wa sukulu amalira, mawa n'kubweranso cifukwa makolo amtuma. Koma mai wa ana asanu akacititsidwa manyazi pamaso pa anzake amangomwetulira, n'kutsazika bwinobwino, basi osadzaonekanso. Mukakumana naye kucigayo adzakuuzani kuti nchito yaculuka. Ndiye m'nkhani ino tifuna tikambirane za mtsogoleri mwini wake: mtima wake, kayankhulidwe kake, ndi njira zodziwira zimene ophunzira amaona mwa iye koma samuuza.

Anthu amene timawaphunzitsa anacokera kutali

Pamene dziko lathu la Moçambique linalandira ufulu m'caka ca 1975, anthu oposa 9 mwa anthu 10 ali onse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Mu 1978 boma linayambitsa nchito yaikulu yophunzitsa akulu, koma maphunzirowo anali m'Cipwitikizi, cinenero cimene anthu ambiri a kumidzi sankacimva. Kenaka nkhondo inafalikira, sukulu zambiri zinatenthedwa kapena kutsekedwa, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Mtendere unadzasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992.

Tawerengani zaka. Mwana amene anali ndi zaka 8 mu 1985, nthawi imene anayenera kukhala pa sukulu, anali m'thengo kapena mumsasa wa othawa nkhondo. Lero ndi kholo, mwina ali ndi adzukulu. Okulirapo amakumbukirabe sukulu ya atsamunda ndi palmatória, kathabwa kaja komenyera m'manja. Ena anayamba sukulu n'kuilekeza cifukwa mphunzitsi ankayankhula cinenero cacilendo, iwo n'kumadziyesa mbuli. Anthu otere akamalowa m'kalasi mwathu amabwera ndi nzeru zambiri za kumunda, za kunyanja ndi za pabanja, koma amabweranso ndi mantha akuti asekedwa. Mau amodzi oipa ocokera kwa ife akhoza kudzutsa cironda ca zaka 40.

Paulo Freire, mphunzitsi wa ku Brazil, pamodzi ndi anzake anaphunzitsa akulu pafupifupi 300 kuwerenga m'tauni ya Angicos mu 1963, pa maola 40 okha. Iye ankatsutsa kaphunzitsidwe kamene mphunzitsi amangothira nzeru m'mitu ya ophunzira ngati munthu wosungitsa ndalama ku banki. Ankati maphunziro a akulu ayambire pa kukambirana za moyo wawo. Njira imeneyi timaidziwa, ndipo ambiri tinaiphunzira ku misonkhano. Koma kukambirana sikungayende m'manja mwa munthu wosamva za anzake, ngakhale atadziwa buku lonse pamtima. Njira ndi khasu cabe, kalimidwe kali kwa mwini dzanja.

Zenera la magalasi anai

Mu 1955 akatswiri awiri a ku America a maphunziro a maganizo a munthu, Joseph Luft ndi Harrington Ingham, anajambula cithunzi cothandiza munthu kudzidziwa. Anacichula kuti zenera la Johari, potenga zidutswa za maina awo oyamba. Mukhoza kulijambula pa bolodi kapena pansi ndi kamtengo: zenera limodzi logawidwa panai.

Galasi loyamba ndi la zinthu zimene ine ndimadziwa za ine, anzanganso amazidziwa. Ndine wa mudzi wakuti, ndimalima mbatata ya kacewere, ndimakonda kuimba. Apa palibe vuto.

Galasi laciwiri ndi la zimene anzanga amaona mwa ine koma ine sindiziona. Mwina ndimakwinya nkhope munthu akalakwa. Mwina ndimangofunsa okhala kutsogolo okha. Mwina ndimadula mau azimai koma abambo ndimawalekerera mpaka amalize. Kalasi lonse limadziwa zimenezi, wosadziwa ndi ine ndekha. Makolo anaziona kale pamene anati anyani amasekana zikundu.

Galasi lacitatu ndi la zimene ine ndimadziwa koma ndimabisira anzanga. Mwina masamu ogawa amandivuta. Mwina ndimaopa amfumu akabwera kudzaonerera. Mwina kunyumba kuli matenda ndipo mtima wanga suli pano.

Galasi lacinai ndi la zimene sindinadziwe, anzanganso sanazidziwe. Muli mphatso zimene zimadzaoneka tsiku limene tapatsidwa nchito yatsopano, mulinso zofooka zimene zimadzatulukira pa tsiku la mavuto.

Phunziro lake ndi lakuti mtsogoleri akulitse galasi loyamba. Amalikulitsa pofunsa anzake zimene amaona mwa iye, kuti galasi laciwiri licepe, ndiponso poulula pang'ono zimene amabisa, kuti lacitatu licepe. Mtsogoleri amene anganene kuti, “Amai ndi abambo, samu iyi nanenso imandizunguza mutu, tiyeni tiiwerengere pamodzi,” ulemu wake sutsika. Ophunzira amapeza mpumulo poona kuti kusadziwa si mlandu. Kuulula kuli ndi malire ake, zinsinsi za m'banja sizobwera nazo m'kalasi. Tikunena za zinthu zokhudza nchito yathu.

Mitima yathu si imodzi

Pakati pa ife atsogoleri pali anthu a mitima yosiyanasiyana, ndipo palibe mtima umene uli wabwino pa zonse. Cimene cimatipatsa mphamvu ndi comweco cimene cimatipunthwitsa tikapanda kucisamala.

Alipo acangu. Amafika msanga, phunziro limayenda, buku limatha pa nthawi yake. Koma wacangu sapirira gogo amene akulimbana ndi cilembo cimodzi kwa mphindi zisanu. Amamlanda coko n'kumlembera, poganiza kuti akumthandiza. Gogo uja amabwerera pa malo pake atamva kuti dzanja lake ndi lacabe.

Alipo ofatsa. Anthu amawakonda, sawaopa, amawauza zakukhosi. Koma wofatsa amalephera kuletsa bambo mmodzi wolongolola amene amatenga nthawi ya onse. Amaopa kukhumudwitsa munthu mmodzi, n'kukhumudwitsa anthu 20 amene akhala cete.

Alipo anthabwala. Kalasi lawo limamveka kuseka kucokera kumseu, anthu amaiwala kutopa. Koma nthabwala ikagwera pa colakwa ca munthu imasanduka citonzo. Amene wasekedwayo amasekanso nawo, koma mumtima mwake watseka citseko.

Alipo okonda dongosolo. Kaundula wawo ndi woyera, malipoti amafika pa nthawi, zipangizo sizitayika. Koma wadongosolo amakalipira mai wocedwa asanamfunse cimene camcedwetsa, ndipo amaumirira ndandanda ya maphunziro ngakhale mudzi wonse uli pa nchito yopalira.

Ambiri a ife tiri ndi mitima iwiri kapena itatu yosakanikirana. Sitikunena kuti wacangu asanduke wofatsa, zimenezo sizitheka. Tikunena kuti ali yense adziwe kumene amapendekera, kuti adzigwire pomwepo. Wacangu aike manja kumbuyo wophunzira akamalemba pa bolodi. Wofatsa akonzeretu mau aulemu oletsera wolongolola. Wanthabwala adziseke yekha, asaseke wophunzira. Wadongosolo ayambe ndi moni, kaundula abwere pambuyo.

Ndi bwinonso kudziwa nthawi imene timapsa mtima msanga. Ena ndi pamene ali ndi njala, ena pamene wophunzira wawatsutsa pagulu, ena pamene cithandizo cimene anawalonjeza cacedwa. Munthu wodziwa kuti lero mtima wake uli pafupi amayankhula pang'ono, n'kupatsa ophunzira nchito ya m'magulu.

Tingamve bwanji zimene anthu satiuza?

Apa ndiye pali nchito. Kwathu kuno munthu sauza mtsogoleri colakwa cake pamaso. Mukafunsa kalasi kuti, “Kodi ndikuphunzitsa bwino?” onse adzayankha kuti, “Eee, bwino kwambiri aphunzitsi,” ngakhale amene atsimikiza kale zosiya. Amenewo si mabodza, ndi ulemu. Conco tifunefune njira zogwirizana ndi mwambo wathu.

Njira yoyamba tiitenge ku ukwati. Banja likavuta, mkazi ndi mwamuna amadzera kwa ankhoswe, amene amanyamula mau olemera n'kuwafikitsa mosapweteka. Kalasi nalonso likhale ndi ankhoswe ake: mai mmodzi ndi bambo mmodzi osankhidwa ndi ophunzira eni ake, osati ndi ife. Kamodzi pa mwezi tikhale nawo pansi, tiwafunse zimene anthu akunena. Akatiuza zowawa tiyankhe kuti zikomo. Tikangoyamba kudziteteza, kapena kufunsa kuti wanena zimenezo ndani, tadziwa kuti mwezi wamawa sadzatiuzanso kanthu.

Njira yaciwiri ndi kuyenderana. Pemphani mtsogoleri mnzanu wa mudzi woyandikana adzakhale kumbuyo kwa kalasi tsiku limodzi, inunso mudzapite kwake. Musamuuze kuti aone ngati mukuphunzitsa bwino, funso limenelo ndi lalikulu kwambiri. Mpatseni zinthu zowerengeka. Alembe anthu angati anayankhula, azimai angati ndi abambo angati. Aone mbali ya kalasi imene mumayang'ana kawirikawiri. Aone zimene nkhope yanu imacita munthu akalakwa. Zinthu zowerengedwa sizikanganitsa anthu ngati maganizo cabe.

Njira yacitatu ndi kaundula. Onani maina a amene anasiya. Kodi ambiri ndi okalamba? Ndi azimai a ana akhanda? Ndi a mbali imodzi ya mudzi, kapena a mpingo wina? Ngati osiya onse akufanana, pali cimene cikuwathamangitsa. Kayendereni mmodzi kunyumba kwake. Musafike ndi funso lakuti bwanji simubwera. Fikani ndi moni, cezani, mverani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira yacinai ndi kope lanu. Kalasi likatha, lembani mizere itatu yokha: cimene cayenda bwino lero, pamene mtima unandipsa kapena pamene ndinacita mantha, ndi munthu amene sanayankhule konse. Pakatha mwezi werengani zonse. Mudzapeza kuti zinthu zina zikubwerezabwereza, ndipo zimenezo ndizo khalidwe lanu.

Luso lokhala ndi anthu

Kudzidziwa kukhale ndi zipatso zooneka m'kalasi. Tichulepo zinthu zisanu.

1. Kumvera. Taonani momwe mlandu umayendera pabwalo. Mfumu yanzeru imalola eni mlandu, mboni ndi nduna kuyankhula, iyo n'kudzayankhula pomaliza. Ikayamba ndiyo, ena onse amangovomereza. M'kalasinso n'cimodzimodzi. Tikafunsa funso tidikire, tiwerenge camumtima mpaka 10 tisanayankhe tokha. Munthu wamkulu amayamba wayeza mau ake asanawatulutse. Akayankha, tibwereze mwacidule cimene wanena kuti adziwe kuti tamva.

2. Kukonza colakwa. Wophunzira akalemba “nyuba” m'malo mwa “nyumba”, walemba bwino zilembo zisanu mwa zisanu ndi cimodzi. Tiyambire pamenepo. Tinene kuti, “Mwayamba bwino amai, tachulani mauwa pang'onopang'ono, mumve ngati pali liu limene latsalira.” Akalipeza yekha sadzaliiwalanso. Colakwa cimene anthu ambiri acita ticilembe pa bolodi popanda kuchula dzina la munthu. Ndipo tisayerekeze wophunzira ndi mnzake, kapena ndi mwana wake wa ku pulaimale.

3. Ulemu wa kwathu. Ambiri a ife ndife ana poyerekeza ndi ophunzira athu. Kugwira coko sikuticotsera umwana umenewo. Wamkulu timuchule kuti “inu”, timuitane ndi mfunda wake monga aPhiri, aBanda kapena Nangozo, kapena ndi dzina la mwana wake ngati ndi momwe amamuitanira pamudzi. Tidziwenso ubale wa anthu athu. Mpongozi ndi mkamwini amapewana, tsono tisawaike m'gulu limodzi, ndipo tisaitane mai ku bolodi kuti akalakwitse mkamwini wake akuona. Nduna ya mfumu kapena mkulu wa mpingo amene sadziwa kulemba wacita camuna kubwera m'kalasi. Tisamuyese pagulu asanakonzeke.

Ulemu umaonekanso posunga nthawi ya anthu. Ku Angónia ndi ku Tsangano, mvula ikagwa anthu amakhala m'munda kuyambira mbandakuca. Ku Metangula ndi ku Cóbuè, asodzi a usipa amacezera panyanja usiku, m'mawa ali ndi tulo. Nthawi ya kalasi tipangane ndi eni ake, ndipo tikapangana ife tisacedwe.

4. Mikangano. Ophunzira amabwera ndi nkhani za kumudzi: malire a munda, mbuzi yadya cimanga, zipani za ndale, kusiyana mipingo, nthawi zina ngakhale zakale za nkhondo. Mtsogoleri adzifunse moona mtima kuti iye ali mbali iti, cifukwa ophunzira amadziwa kale. Ngati mmodzi mwa okanganawo ndi mbale wathu, tipemphe wina atithandize. Okangana tiyambe tawamva payekhapayekha, kenaka pamodzi, ndipo tisathamangire kugamula. Zokambirana za mtendere ku Roma zinayamba mu Julho 1990 n'kudzatha mu Outubro 1992. Amkhalapakati, mmodzi mwa iwo Dom Jaime Gonçalves amene anali bishopu wamkulu wa ku Beira, analibe asilikali okakamizira munthu. Anali ndi kupirira, ndiponso mbali zonse ziwiri zinkawakhulupirira. Mkangano wa m'kalasi mwathu ndi waung'ono, koma mankhwala ake ndi omwewo. Milandu yeniyeni ya pamudzi tiisiyire bwalo la amfumu, yathu ndi yakuti anthu awiriwo athe kukhala m'cipinda cimodzi n'kuphunzira.

5. Kugawa nchito. Mabuku ochedwa Training for Transformation, amene Anne Hope ndi Sally Timmel anasindikiza ku Gweru m'dziko la Zimbabwe mu 1984 potsata maganizo a Freire, amakumbutsa kuti gulu liri lonse limasowa zinthu ziwiri: kuti nchito icitike, ndi kuti ubale wa anthu usungike. Ndi anthu ocepa amene amatha zonse ziwiri mofanana. Apa ndi pamene kudzidziwa kumathandiza kwenikweni. Ngati ndinu wa nchito, pezani m'kalasi mai amene amadziwa kutonthoza anthu, aziyendera odwala ndi ojomba. Ngati ndinu wa ubale, pezani wina wosunga nthawi ndi kaundula. Wina ayambitse nyimbo, wina asunge coko, amene wadziwa msanga akhale pafupi ndi amene akucedwa. Mutu umodzi susenza denga. Kalasi limene nchito zake zagawidwa silifa tsiku limene mtsogoleri wadwala malungo.

Mtsogoleri amene amacita zonse yekha adzifunse cifukwa cake. Nthawi zina ndi cangu cabe. Koma nthawi zina ndi mantha akuti wina akadziwa nchito, ife tidzacepa. Mantha amenewa ali m'galasi lacitatu lija, ndipo ambiri tiri nawo. Tikumbuke kuti wophunzira wathu akadzatsegula kalasi lake m'mudzi wina, mbiri yabwino idzabwerera kwa amene anamphunzitsa.

Zokambirana pa msonkhano wa atsogoleri

Pa msonkhano wanu wa mwezi uno patulani ola limodzi. Khalani awiriawiri, ali yense ndi munthu amene amamdziwa bwino ndi kumkhulupirira, ndipo mupangane kuti zokambidwa pamenepo zithere pomwepo.

1. Ali yense ajambule zenera la magalasi anai, alembe zinthu zitatu m'galasi loyamba.

2. Uzani mnzanu zinthu ziwiri zimene amacita bwino pokhala ndi anthu, ndi cinthu cimodzi cimene mwina saciona. Chulani cimene munaona ndi maso, monga “tsiku lija munayankha funso lanu lomwe anthu asanaganize”. Mau onga “ndinu wosaleza mtima” amaweruza munthu yense ndipo samthandiza kudziwa posinthira.

3. Wouzidwayo asayankhe msanga. Abwereze cimene wamva, athokoze, akaganizire kunyumba.

4. Pa mitima inai imene tafotokoza, wanu uli pafupi ndi uti? Ndi wophunzira wotani amene amavutika ndi mtima umenewo?

5. Tsegulani kaundula. Ndani anasiya caka cino, ndipo mudzamuyendera liti?

Pomaliza ali yense asankhe cinthu cimodzi cokha coti asinthe mwezi ukubwerawu, acilembe m'kope, auze mnzake uja. Cikhale cacing'ono ndi cooneka: kudikira pambuyo pa funso, kusalanda coko, kupereka moni kwa wocedwa. Khalidwe la munthu wamkulu silisintha tsiku limodzi, monganso dzanja lozolowera khasu silizolowera pensulo tsiku limodzi. Timapempha ophunzira athu kuti abwere pagulu n'kuvomera kuti pali cimene sadziwa. Nafenso tivomere comweco pamaso pa anzathu, ndipo pa msonkhano wotsatira tidzafunsane momwe zayendera.